Kuzindikira timabokosi takale ta fodya wa m'mphuno tokhala ndi nkhope za akuluakulu a asilikali a ku Britain

Musathamangire nkhope, yambani ndi mawu olembedwa pa chivindikiro. Mwachitsanzo, mkulu wa asilikali Arthur Wellesley ankakwera maudindo aulemu: anakhala Viscount Wellington mu 1809, Marquess mu 1812, Duke mu 1814. Ngati palembedwa "Duke of Wellington" koma wogulitsa akuti n'ka 1810, akukunamizani. Komabe mawuwo amangosonyeza kuti kabokosi sikangakhale kakale kuposa chaka chakuti. Ta Wellington tambiri tinapangidwa atamwalira mu 1852, ndipo ta Nelson, mkulu wa asilikali a panyanja, tinapangidwanso mu 1905, patatha zaka 100 chichitikireni nkhondo ya Trafalgar.

Kenako onani chimene anapangira. Ta Admiral Vernon, tokumbukira mmene analandira doko la Portobello ku Panama mu 1739, tambiri n'ta mkuwa wosindikizidwa. Ka siliva ka ku England kayenera kukhala ndi zidindo: mkango wosonyeza kuti siliva ndi weniweni, nangula ngati n'ka ku Birmingham, chilembo cha chaka, komanso mutu wa mfumu pakati pa 1784 ndi 1890. Yang'anani pa chivindikiro ndi pansi pomwe, chifukwa ena amalumikiza zigawo za timabokosi tiwiri.

Ta enamel (utoto wa galasi wowotchera pa chitsulo) ndito timapusitsa anthu kwambiri. Fakitale ya Battersea ku London inagwira ntchito kuyambira 1753 mpaka 1756 basi, choncho tambiri totchedwa dzinali n'ta ku Bilston, tauni ina ya ku England, ndipo kampani ya Samson ya ku Paris inapanganso tofanizira. Tengani galasi lokulitsa ka 10. Nkhope yakale imaoneka mizere yosindikizidwa yopakidwa utoto pamanja. Timadontho tondandalikana bwino ndi ntchito ya makina amakono. Mumdima walitsani tochi ya UV, pamene anamata pamawala mosiyana. Tsekani chivindikiro: chizigwira bwino, chifukwa fodyayo sankafuna mpweya.

Posamala, madzi ayi, makamaka pa ta mapepala oumbidwa opakidwa vanishi, poti timafufuma vanishiyo n'kusweka. Pukutani ndi kaburashi kofewa kouma. Mankhwala owalitsira mkuwa amadya nkhope ndi zidindo. Dzuwa limasuwitsa utoto, ndipo enamel akang'aluka, chinyezi chimalowa n'kuwononga mkuwa wa pansi pake.

Nkhope zina zinajambulidwa pa mnyanga wa njovu. Ku Britain lamulo la 2018 limalola kugulitsa chithunzi chotere ngati chinapangidwa 1918 isanafike, n'chosapitirira 320 cm², ndipo chalembetsedwa kuboma. Kuti muoloke nacho malire pamafunika chilolezo cha CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa.