Mmene Mungasewerere Masewera Akale Oponyerana Mabomba pa Kompyuta

Amene tinayamba kugwira kompyuta m'zaka za m'ma 1990 timakumbukira anyani awiri ataima pamwamba pa nyumba zosanja, akugendana ndi nthochi zophulika. Amenewo anali Gorillas, masewera amene Microsoft inaphatikiza mu MS-DOS 5.0, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ya nthawi imeneyo, mu 1991. Chaka chomwecho Wendell Hicken anatulutsa Scorched Earth, mmene akasinja okwana mpaka 10 amawomberana m'mapiri, ndipo mu 1995 kampani ya Team17 ya ku England inatulutsa Worms. Onsewa lamulo lake ndi limodzi: munthu amaponya kamodzi, kenako amadikira mnzake, monga timachitira pa bawo.

Simufunika kompyuta yamphamvu. Laputopu yakale yomwe mumangolembera makalata, kapena yogula kwa ogulitsa zakaunjika ku Old Town, ikukwanira, ndipo mafayilo ake ndi aang'ono moti sadya bandulo. Vuto lili pakuti Windows ya masiku ano siyendetsa mapulogalamu a DOS, choncho muyambe mwatsitsa pulogalamu yaulere yotchedwa DOSBox. Tsegulani foda pa disiki ya C, muitche masewera, n'kuikamo mafayilo a Scorched Earth. Mukatsegula DOSBox lembani mount c c:\masewera, kenako c: n'kumaliza ndi scorch. Zinthu zikamathamanga mopitirira, dinani Ctrl ndi F11 kuti zichepe liwiro. Alt ndi Enter zimadzadzitsa sikirini yonse. Amene safuna zolembalemba atsitse Hedgewars, yomwe ndi yaulere ndipo kaseweredwe kake kakufanana ndi Worms.

Luso lenileni lili pa kulunjika, ndipo aliyense amene anagendapo mango kapena kukoka legeni ali mwana ali nako kale poyambira. Pali zinthu zitatu zoyang'ana: kupendekeka kwa mzinga, mphamvu yoponyera, ndi mphepo, yomwe mu Scorched Earth imaonetsedwa pamwamba pa sikirini. Mu Scorched Earth mabatani a mivi yoloza kumanzere ndi kumanja amapendeketsa mzinga, oloza m'mwamba ndi pansi amasintha mphamvu, ndipo batani lalitali la m'munsi ndi lowombera. Pamalo athyathyathya popanda mphepo, bomba limafika patali kwambiri mzinga ukakhala pa madigiri 45, pamene madigiri 30 ndi 60 amaligwetsa pamalo amodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti loponyedwa pa 60 limakwera m'mwamba, kotero limadumpha phiri, koma limakhalitsa mumlengalenga ndipo mphepo imalikankha kwambiri.

Bomba loyamba musaliwerengere kuti likantha mdani. Ntchito yake ndi kukuuzani mtunda. Yang'anitsitsani pamene lagwera. Ngati laperewera, onjezani mphamvu koma mzinga muusiye pomwepo, ndipo likapitirira, bwererani pakati pa manambala awiri a mphamvuwo. Cholakwika chimene ndimachiona kawirikawiri kwa ongoyamba kumene ndicho kusintha mphamvu ndi kupendekeka nthawi imodzi, zimene zimawasiya osadziwa chomwe chathandiza ndi chomwe chasokoneza. Manambala a ulendo wapitawo asungeni m'mutu, ngakhale kuwalemba papepala.

Gawo likatha, Scorched Earth imakupatsani ndalama zogulira zida. Mtima umathamangira ku mabomba akuluakulu monga MIRV, lomwe limagawikana lili m'mwamba, koma ine ndimalangiza kuti muyambe mwagula chishango ndi parachuti. Nthaka ya pansi panu ikakumbidwa ndi bomba, kasinja amagwa n'kuwonongeka, ndipo gawolo limatha musanagwiritse ntchito zida zodula zimene munagula.

Ngakhale kompyuta imatha kukhala mdani wanu, musasewere nokha ngati pali anthu pakhomo, chifukwa chimene ambiri timachisowa pa masewerawa ndi kukhalirana pafupi, kupatsana kiyibodi imodzi. Loweruka lina kwathu ku Area 25 magetsi atazima, tinakhala pakhonde ndi ana a mlongo wanga awiri, laputopu ili pa mpando, batire itadzadza. Wamng'onoyo anaphonya kanayi, akuchotsa mphamvu pang'onopang'ono, mlomo uli gwa. Ulendo wachisanu bomba linadumpha phiri n'kutera pa kasinja wanga, ndipo iye anaimirira n'kufuula kuti, "Amalume, ndakupezani! Musatseke, tibwerezenso batire isanathe."