Momwe mungayambire kusonkhanitsa manambala puleti akale

Galimoto ikatha ntchito imakathera pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha, ndipo nambala puleti yake imapitira limodzi. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa kachitsulo kameneka kamasunga mbiri: komwe galimoto inalembetsedwa, ntchito yomwe inkagwira, ndi nyengo yomwe inkayenda pamsewu. Maiko ena anazindikira kale. Ku America kuli bungwe la osonkhanitsa manambala puleti lotchedwa ALPCA, lomwe linayamba mu 1954. Inunso mutha kuyamba, ndipo sizilira ndalama zambiri.

Yambani ndi kudziwako mbiri, kuti wogulitsa asakupusitseni. Apolisi a mzinda wa Paris ndiwo anayamba kulamula kuti magalimoto azikhala ndi nambala, mu 1893. Dziko la Netherlands linakhazikitsa dongosolo la dziko lonse mu 1898. Ku Britain lamulo la magalimoto la 1903 linayamba kugwira ntchito mu 1904, ndipo nambala yotchuka ya A1 ya ku London inapita kwa munthu wina wolemekezeka wotchedwa Earl Russell. Ku America, m'boma la New York, mu 1901 mwini galimoto ankadzipangira yekha puleti, koma mu 1903 boma la Massachusetts linayamba kupereka zake, zachitsulo chokutidwa ndi enamelo ngati makapu ndi mbale za agogo zija. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse chitsulo chinasowa, mpaka ku Illinois anapanga mapuleti ndi zinthu zochokera ku soya. Choncho chomwe anapangira puleti chimaulula msinkhu wake. Wina akakupatsani puleti yonyezimira ikawalitsidwa ndi tochi, n'kumati ndi ya m'ma 1920, mubwezereni.

Kenako sankhani mutu umodzi. Osangotola chilichonse. Kwa munthu wa kuno ku Malawi, mutu wabwino kuyambira ndi wa maboma athu 28: BT ya Blantyre, LL ya Lilongwe, ZA ya Zomba, KU ya Kasungu, KK ya Nkhotakota, DZ ya Dedza, MJ ya Mulanje, TO ya Thyolo, ndi ena otero. Za m'mizinda mudzazipeza msanga, koma za maboma a magalimoto ochepa zidzakuyendetsani, ndipo kukoma kwa ntchitoyi kuli pomwepo. Onetsetsaninso mtundu wake: yachikasu ya zilembo zakuda ndi ya galimoto ya munthu wamba, pomwe yoyera ya zilembo zofiira ndi ya galimoto yochitira malonda monga minibasi. Ngati kwanu kuli achibale omwe anakhalitsa ku Joni, afunseni za mapuleti a TJ, omwe ankaimira Johannesburg chigawo cha Transvaal chisanathe. Lero kumeneko kuli GP.

Tsopano pa kapezedwe, apa ndiye pofunika kudekha. Pitani m'magalaja akale, kwa owotcherera, kwa ogula zitsulo zakutha, ndi m'makomo momwe muli galimoto yomwe yakhala pamiyala zaka zambiri. Lankhulani ndi mwini wake weniweni, osati mnyamata wa pagalaja yekha. Nenani mwaulemu: “Bambo, galimotoyi idzayendanso? Ngati inatha, kodi mungandigulitse nambala yake?” Galimoto ikakhala kuti ikadali m'kaundula wa a Road Traffic ndipo mwini wake ali ndi maganizo oidzutsa, isiyeni. Mbava zimamata manambala akuba pa magalimoto ochitira umbanda, ndiye puleti yopanda mwini wodziwika, yogulidwa mwachinsinsi, ikhoza kukugonetsani m'chitokosi. Zaboma za MG, za apolisi, za asilikali ndi za akazembe za CD, musazikhudze popanda chilolezo cholembedwa. Ndipo puleti ya m'nkhokwe yanu isadzakwerenso pa galimoto iliyonse.

Mukagwirizana mtengo, tulutsani kope pomwepo. Lembani tsiku, malo, mtundu wa galimoto ndi zomwe mwini wake akukumbukira: kaya inali lole yonyamula fodya kupita ku okushoni ku Kanengo, kaya inali matola a kumudzi. Jambulani galimotoyo ndi foni puleti isanachotsedwe, ndipo wogulitsa asaine. Kwa ine tsamba limeneli ndi lofunika kuposa chitsulocho, chifukwa ndilo umboni wanu pamaso pa apolisi, komanso ndilo limapatsa puletiyo tanthauzo. Za mitengo musatengeke ndi nkhani ya ku Dubai, komwe nambala ya P7 inagulidwa pa madirham 55 miliyoni mu 2023. Chomwe anagula kumeneko ndi ufulu woyendera nambalayo pamsewu.

Potsuka, madzi ofunda, sopo ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Sitiliwulu, mchenga kapena sandipepa ayi. Ikani maginito: akamata ndiye kuti ndi chitsulo chochita dzimbiri, choncho chiumitseni bwino n'kupaka mafuta pang'ono kumbuyo. Akapanda kumata, kawirikawiri ndi aluminiyamu kapena pulasitiki. Musapentenso ngakhale utoto utasuluka, chifukwa osonkhanitsa amafuna utoto woyambirira. Yopindika iwongoleni pang'onopang'ono pakati pa matabwa awiri, osaimenya ndi hamala.

Popachika gwiritsani ntchito mabowo omwe alipo kale, pakhoma losafika dzuwa, chifukwa dzuwa limasulutsa utoto ndi kumatula pepala lonyezimira lomwe limamatidwa pa puleti. Zosapachika ziimikeni m'bokosi pamalo ouma, iliyonse yolekanitsidwa ndi katoni, ndipo kumbuyo kwake mumatepo kapepala ka nambala ya tsamba la m'kope lanu.