Musapachike orijino pakhoma

Anzanga amene mumakonda kukongoletsa khoma ndi zithunzi zakale za oimba ng'oma ndi ovina magule, chonde musapachike orijino. Kachiteni sikani, 600 dpi (muyeso wa kuoneka bwino kwa chithunzi pochita sikani) ndiyokwanira, mupulinte kope ndiye limenelo muike mu felemu. Dzuwa limafwifwitsa chithunzi pang'onopang'ono inu osadziwa, chinyezi nacho chimamatitsa pepala ku galasi ndiye tsiku lomwe mudzati muchotse, nkhope ya wovina uja imatsalira pagalasipo, zimandiwawa kwabasi chifukwa zambiri mwa zithunzizi negativu yake inatayika kalekale. Kuchita laminate ayi, seloteipi ayinso. Orijinoyo isungeni mu envulopu pamalo ouma, amdima. Kumbuyo kwake lembani ndi pensulo osati bolopeni, dzina la gule, la woimbayo, malo ndi chaka ngati mukuzidziwa.