Kukonza Phunziro la Sabata Imodzi pa Moodle

Aphunzitsi ambiri a ku koleji akapatsidwa tsamba la kosi pa Moodle, pulogalamu yophunzitsira pa intaneti, amathamangira kuunjikapo ma PDF onse omwe ali nawo, ophunzira n'kusowa poyambira. Musanatsegule kompyuta, lembani papepala chinthu chimodzi chomwe wophunzira ayenera kutha kuchita sabata ikamatha. "Kumvetsa chiwongoladzanja" n'kosakwanira, chifukwa simungakuyese. Lembani kuti "kuwerengera chiwongoladzanja cha ngongole ya zaka zitatu".

Mafunso ayambe kukonzedwa, vidiyo ibwere pambuyo. Mu Question bank, mosungira mafunso mu Moodle, ikani mafunso 20 m'gulu limodzi, kenako pokonza Quiz sankhani random question kuti aliyense alandire mafunso 8 omwe kompyuta yamutapira mwachisawawa pa 20 aja. Lolani kuyesa kawiri kapena katatu, ndipo magiredi atengedwe pomwe wakhoza kwambiri. Pa yankho lililonse lolakwika lembanipo chifukwa chake. Wophunzira akaiwala kuchulukitsa ndi zaka, asangoona mawu oti "walakwa", koma awerenge kuti "Mwawerengera chaka chimodzi chokha, onaninso nthawi ya ngongoleyi." Ntchito imeneyi imadya nthawi ndithu, koma ndi imene imaphunzitsa inu kulibe.

Vidiyo ikhale yaifupi. Mu 2014 Philip Guo ndi anzake atafufuza mmene anthu amaonerera mavidiyo a edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, anapeza kuti chidwi chimatsika ikadutsa mphindi 6. Choncho phunziro la ola limodzi ligaweni m'tizigawo, kachigawo kalikonse kayankhe funso limodzi. Jambulani ndi pulogalamu ya OBS Studio pa mulingo wa chithunzi wa 720p, kenako chepetsani kukula kwa fayilo ndi pulogalamu ya HandBrake, chifukwa seva imakana fayilo yoposa malire omwe anaikidwa. Maikolofoni ikhale pafupi ndi pakamwa: chithunzi chosawala anthu amapirira nacho, koma mawu osamveka amawathamangitsa. Musawerenge zomwe zalembedwa kale pa silaidi. Kafukufuku wa Richard Mayer anaonetsa kuti chithunzi chofotokozedwa ndi mawu apakamwa chimalowa bwino kusiyana ndi pamene mawu omwewo adzazanso pa sikirini. Mawu olembedwa a omwe ali ndi vuto la kumva aikeni padera mu fayilo ya .vtt.

Mukafuna kuti Quiz itseguke munthu akamaliza vidiyo, yatsani kaye Activity completion (yosonyeza kuti wamaliza) pa vidiyoyo, kenako muike Restrict access (yoletsa kulowa asanamalize) pa Quiz. Ngati mwasankha kuti wophunzira azichonga yekha kuti wamaliza, muuzeni, apo ayi adzadikira Quiz yosatseguka. Onaninso nthawi yotsekera, chifukwa 12:00 ndi masana pomwe 00:00 ndi chiyambi cha tsikulo, osati mapeto ake, ikani 23:59.

Musanatsegulire kalasi, lowani ndi akaunti yoyeserera ya wophunzira pa foni, poti Switch role, yomwe imakulolani kuona tsamba ngati wophunzira muli pa akaunti yanu, sionetsa zonse. Onerani vidiyo, yankhani funso limodzi molakwika dala, muone ngati ndemanga yanu ikutuluka.