Mukakhala ku California, dziwani malamulo awa

Ku America chigawo chilichonse chili ndi malamulo akeake, ndiye zomwe mwamva kwa anzanu a ku Texas musangozitengera ku California.

Tiyambe ndi nyumba ya lendi, poti ambiri amaluzira ndalama pamenepa. Mukatuluka m'nyumba, mwini wake ali ndi masiku 21 oti akubwezereni dipoziti, ndipo ngati wadulapo kanthu alembe chomwe wadulira. Penti yongosuluka ndi kukalamba sangakulipiritseni ayi. Choncho tsiku lolowa jambulani zonse, ngakhale kamng'alu ka pagalasi la zenera ndi dontho la pakapeti. Akafuna kudzakonza zinthu, ayenera kukulemberani kutatsala maola 24, pokhapokha patagwa zadzidzidzi.

Pamsewu, kulankhula foni ili m'manja uku mukuyendetsa ndi mlandu kuyambira 2008. Mukakhazikika m'chigawochi, laisensi ya konko muitenge pasanathe masiku 10. Mowa, dikirani mukwane zaka 21.

Lina limadabwitsa alendo: kujambula mawu a munthu pa zokambirana zachinsinsi, iye osavomera, n'kuphwanya lamulo, ngakhale mukukangana ndi mwini nyumba yemweyo. Kuli bwino mumulembere uthenga, yankho lake mulisunge ngati umboni.