Momwe mungaphunzirire kusiyanitsa squeeze, press, crush ndi mash pogwiritsa ntchito manja anu

Achinyamata ambiri kuno ku Mangochi amapeza ntchito m'makhitchini a malo ogona alendo, kuyambira ku Nkopola mpaka ku Cape Maclear. Kumeneko malangizo amabwera m'Chingerezi ndipo khukhi wamkulu sadikira munthu. Akati "crush the garlic", kenako "squeeze the lemon", akufuna manja anu achite ntchito ziwiri zosiyana. Amene akukonzekera mayeso a MSCE nawonso amakumana ndi mawu omwewa. Kuwaloweza pamtima sikukhalitsa, amauluka msanga. Ine ndimalimbikitsa kuwaphunzira mukugwira zinthu zenizeni.

Sonkhanitsani kaye ndimu, adyo, tomato wakupsa kwambiri, mbatata yophika, mtedza wokazinga ndi kansalu konyowa. Khalani ndi mnzanu woti muzifunsana.

Yambani ndi ndimu. Liduleni pakati, mulifinye mpaka madzi atsikire m'kapu. Kumeneko ndiye squeeze: zala zikupanikiza chinthu mbali zonse, kawirikawiri kuti chamkati chituluke. N'chimodzimodzi pofinya mankhwala otsukira mano. Ngakhale kuthinana kwa pa matola opita ku Namwera, Mngerezi amati squeeze in.

Kenako dinani batani la foni kapena la wailesi. Ameneyo ndi press. Mphamvu ikuchokera mbali imodzi, ndipo batanilo silinawonongeke. Kusita malaya nakonso amati press, momwemonso kufinya mpendadzuwa pa makina kuti mafuta atuluke.

Apa tsopano pofunika kudekha, chifukwa ambiri amasokonezeka pa crush ndi squash. Ikani kachidutswa ka adyo pathabwa, mugoneke mpeni pamwamba pake, mukanikize ndi chikhatho. Mumva kuti tswa, khungu lasweka, fungo labuka. Mwachita crush: chinthu cholimbirako chaphwanyika ndi mphamvu, sichingabwererenso mwakale. Miyala ya kwale, ayezi, chitini chopondedwa ndi galimoto, zonsezi ndi crush. Tsopano tengani tomato uja mumukanikize. Sasweka tizidutswa ayi, amangophwatalala, njere ndi madzi zili mbwee pathabwa. Ameneyo ndi squash, mawu a zinthu zofewa, ndipo nthawi zambiri zimachitika mwangozi, monga tomato akakhala pansi pa thumba la chimanga pa kabaza. Musadabwe kuona mawu omwewa pa botolo la Sobo: squash ndi dzinanso la chakumwa chosungunula ndi madzi.

Chenjerani ndi kalembedwe. Crush ndi crash ambirife timawatchula mofanana, koma crash ndi kuwombana kwa galimoto. Chilembo chimodzi chokhacho chimadyetsa mamalikisi pamayeso, ndipo zimandiwawa ndikaona mwana wodziwa bwino tanthauzo atalakwa pamenepo.

Mbatata yophika ija iphwanyeni ndi foloko mpaka isalale. Ndi mash ameneyo. Amasiyana ndi squash chifukwa mash ndi ntchito yadala, ya chakudya chophika kapena chofewa kale ngati nthochi. Wophika chipere amachita mash nyemba zake. Kukhitchini mudzamva mashed potatoes pafupifupi tsiku lililonse.

Mtedza uthireni mumtondo. Kumenya ndi munsi mobwerezabwereza ndi pound. Kupera pamphero kapena kugayitsa kuchigayo mpaka ufa ndi grind. Nsinjiro zimatha kuchokera konseko. Mawu amasintha malinga ndi mmene mwagwirira ntchitoyo.

Kansalu kaja kapotokoleni ndi manja awiri madzi achoke. Kufinya kopotokola kumeneku ndi wring, ndipo w wakumayambiriroyo satchulidwa.

Mukatha, sinthanani ndi mnzanu uja. Iye azichita osayankhula, inu muzitchula mawu ake m'chiganizo chathunthu, mokweza. Mukakayika, yang'anani chimene chatsala pathabwa. Ngati ndi madzi, ganizani za squeeze kapena wring. Ngati ndi tizidutswa, crush. Ufa ukuloza grind, ndipo chofewa chosalala ndi mash.

Pomaliza lembani ziganizozo m'kope ngati zinachitika dzulo. Ambiri mwa mawuwa amangothera ndi ed: squeezed, pressed, crushed, squashed, mashed, pounded. Awiri okha ndiwo amasintha thupi. Grind amakhala ground, osati grinded, ndipo wring amakhala wrung. Choncho tsabola wogaya pa shelefu ya kukhitchini mudzamupeza atalembedwa ground pepper, ndipo khofi wogaya ndi ground coffee.