Kuvina pa mzati kunyumba: yang'anani kudenga musanagule chitsulo

Ambiri akafuna kuphunzira pole dance, kuvina mogwira ndi kukwera mzati wachitsulo, kunyumba amathamangira kufunsa kuti mzati akugulitsa ndalama zingati. Funso limenelo lidikire kaye. Lowani m'chipinda chomwe mukufuna kuphunziriramo, muyang'ane kumwamba. Denga ndi lomwe likuuzeni mzati woti mugule.

Mzati wofala kwambiri m'nyumba ndi wokanikiza. Sukhomedwa ndi msomali kapena bawuti. Umangokankha pansi ndi kudenga nthawi imodzi ngati jeke ya galimoto. Pamwamba uli ndi chimbale chachikulu cha labala m'mphepete, pansi china chocheperapo, ndipo chakumunsi kapena chakumtunda kuli mazinga omwe mumapotokola kuti mzatiwo utalike mpaka utathina. Mphamvu yokankhayo imafuna chinthu chosasuntha. Ngati pamwamba panu pali silabu ya konkire, monga m'nyumba zosanjikizana, ntchito yaphweka. Ngati pali siling'i bodi, dziwani kuti bodiyo payokha singapirire. Imatukuka pang'onopang'ono kapena kung'aluka, mzati n'kumalefuka inu osadziwa, kenaka n'kudzapulumuka tsiku lomwe mwakwera pamwamba. Chimbalecho chikhale pansi penipeni pa mtanda wochindikala. Timatabwa topyapyala tokhomerapo siling'i si mtanda ayi. Kugogoda bodi kuti mumve pomwe pali thabwa kumathandiza, koma khutu limanamiza. Kwerani kudengako ndi tochi kapena itanani kalipentala akaone, ndipo akaonenso ngati chiswe sichinadye thabwalo m'kati. Mitanda ikakhala yotalikirana ndi pomwe mukufuna, kalipentala akhoza kupingasa thabwa la mamilimita 50 ndi 150 pakati pa mitanda iwiri n'kulimanga ndi mabawuti.

M'nyumba ya malata yopanda siling'i, kapena ya denga lopendekeka, mzati wokanikiza si wanu. Zotsala ndi ziwiri. Pali mzati womangidwa ndi mabawuti pamwamba, womwe ndi wolimba kuposa yonse, koma ngati muli pa lendi mufunse kaye eni nyumba musanaboole. Palinso mzati wa nsanja yakeyake, woima wokha pa chimbale chachikulu cholemera, chotambalala pafupifupi mita ndi theka. Umenewu sufuna denga, mutha kuuimika ngakhale pabwalo, koma ndi wodula, umadya malo, ndipo umagwedera pang'ono kumtunda chifukwa kulibe chougwira. Kugwederako si vuto, koma kwa wongoyamba kumene kumachititsa mantha.

Yezani kutalika kwa chipinda pamalo enieni pomwe padzaime mzati, osati m'mbali mwa khoma, chifukwa pansi pa simenti sipalingana ponse. Mzati wa kampani ya X-Pole wa mtundu wa XPERT, mwachitsanzo, umakwana m'chipinda chotalika kuyambira mamita 2.2 mpaka 2.7 ndi zidutswa zomwe zimabwera m'bokosi. Chipinda chikapitirira pamenepo mumagula chidutswa choonjezera. Gulani chimodzi chachitali, osati tiwiri kapena titatu tatifupi, pakuti mfundo iliyonse yolumikizira ndi malo ofooka. Musamapotokole mazinga mpaka kumapeto pofuna kufikira denga, kapena kuika njerwa pansi. Kuzungulira mzati pakhale malo opanda kanthu a mita ndi theka mbali zonse. Gwirani pomwe padzakhale mzati ndi dzanja limodzi, tambasulani mwendo, muzungulire. Phazi likakhudza bedi, zenera kapena kona ya tebulo, malowo achepa.

Kunenepa kwa mzati ndi chitsulo chake

Mizati imabwera ya mamilimita 40, 42, 45 ndi 50. Ya 45 ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito m'mipikisano ya International Pole Sports Federation, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 2009, ndipo ndi yomwe mungaipeze m'masitudiyo ambiri. Ngati mulibe chifukwa chapadera, tengani imeneyo. Ya 40 imakomera a manja aang'ono chifukwa zala zimazungulira bwino, koma imaluma kwambiri m'ntchafu mukakhala pa mzati. Ya 50 ndi yachikale: miyendo imagwira bwino, manja amatopa msanga.

Chitsulo cha kunja kwa mzati ndi nkhani yomwe anthu amaipeputsa. Chrome ndiye wofala ndi wotsikirapo mtengo, ndipo kwa wongoyamba ndi wabwino. Koma pansi pa chrome pamakhala nickel, choncho ngati ndolo kapena wotchi yotchipa imakutulutsani tiziphuphu toyabwa, musankhe stainless steel. Stainless sachita dzimbiri msanga, n'chifukwa chake ndi woyenera m'malo a chinyontho monga kunyanja, koma amaterera akazizira ndipo amafuna manja amphamvu. Brass, wooneka ngati mkuwa wachikasu, amagwira khungu kwambiri akamatenthedwa, ndipo ambiri otuluka thukuta amamukonda. Pali mizati ina yopopedwa utoto wouma wa powder coat, yomata kwambiri, ndi ina yokutidwa ndi silicone. Ya silicone imavinidwa mutavala zovala thupi lonse, zomwe zingakomere amene safuna kuvala zazifupi, koma pa khungu lopanda chovala imawotcha, ndipo simungatsetsereke nayo mozungulira ngati pa chitsulo.

Mizati yambiri yabwino imatha kuima chilili kapena kuzungulira yokha mukamasula timasikuluu tiwiri pansi kapena kutembenuza loko. Gulani wotha zonse ziwiri ngati thumba likulola, koma miyezi yoyamba muutseke usazungulire. Mzati wozungulira umathamanga kwambiri mukakokera thupi pafupi nawo, ndipo wongoyamba akachita mantha amaukumbatira, n'kuwonjezera liwiro lomwe akuliopalo.

Mayina a makampani odziwika ndi X-Pole, Lupit Pole ya ku Slovenia ndi Lil' Mynx ya ku America. Pa intaneti pali mizati yambiri yotchipa yoba maonekedwe a imeneyi. Chitsulo chake chimakhala chopyapyala moti chimapindika, zolumikizira zina ndi zapulasitiki, ndipo chrome wake amasendeka n'kusanduka timalezala todula zikhatho. Mzati wopanda dzina la kampani, wopanda buku la kamangidwe, womwe wogulitsa sakutha kunena kulemera komwe ungapirire, usiyeni. Wogwiritsidwapo kale ntchito koma wa kampani yodalirika ndi wabwino kuposa watsopano wabodza. Yendetsani chikhatho mzati wonse kuti mumve ngati pali posendeka, ndipo onani kuti mazinga sanathe.

Kupangitsa kwa owotcherera n'kotheka, koma ukhale mzati wosazungulira, womangidwa ndi mabawuti pansi ndi pamwamba pa konkire kapena mtanda wolimba. Ukhale paipi imodzi yosalumikiza ya stainless, ya mamilimita 42.4 kapena 48.3, yochindikala mamilimita osachepera 2, ndi mbale zachitsulo zowotcherera ku mapeto onse awiri. Paipi ya madzi ya galivanaizi imakanda khungu, ndipo penti ya mafuta imamatuka. Wokanikiza musapangitse.

Poimika

Lumikizani zidutswa mutagoneka mzati pansi, muthinitse mfundo zake pang'onopang'ono mosinthanasinthana, osamaliza sikuluu imodzi inzake ili yolefuka. Imikani muli awiri. Ikani levulo pa mzati mbali imodzi, kenaka mbali ya m'mphepete mwake, chifukwa mzati ukhoza kuoneka woongoka kutsogolo uli wopendekera kumanzere. Wopendekeka umatsetsereka pansi, ndipo ukakhala wozungulira umalira kapena kulimba. Thinitsani mpaka chimbale cha pansi chisasunthe mukachiponda ndi phazi, kenaka tsekani nati yoletsa mazinga kubwerera. Kuthinitsa mopitirira kumang'amba siling'i kapena matailosi, komanso kumapinda mzati.

Pansi pakhale poyera, pouma. Polishi wa pansi, uja timapaka pa simenti kuti pawale, ndi mdani: labala sagwira pa phula. Chotsani polishi pomwe pakhale chimbale ndi kuzungulira pomwe muziponda. Pa matailosi, gogodani kaye. Tailosi yolira ngati ng'oma ilibe simenti yokwanira pansi ndipo idzasweka. Pa kapeti yochindikala mzati umamira pakapita masiku, n'kulefuka.

Tsiku lililonse musanayambe, gwirani mzati ndi manja awiri muukoke mwamphamvu mbali zonse, kenaka lendewerani mapazi ali pafupi ndi pansi. Matabwa a denga amafufuma ndi kunyala malinga ndi nyengo, ndiye mzati womwe unali wothina nthawi ya dzinja ukhoza kulefuka mu Okutobala.

Gulaninso matiresi ogwerapo, ozungulira, a bowo pakati, ochindikala masentimita 10 kapena kuposa. Matiresi a pabedi ndi ofewa kwambiri, phazi limamira n'kubinya kakolo. Mkeka wa yoga suteteza chilichonse.

Khungu

Chomwe chimakusungani pa mzati ndi khungu louma lokhudza chitsulo choyera. N'chifukwa chake ovina amavala kabudula wamfupi ndi malaya opanda manja: m'ntchafu, kuseri kwa bondo, m'khwapa ndi m'mbali mwa mimba ndi malo ogwirira. Masabata oyamba, pomwe mukungoyenda ndi kuzungulira ndi manja, mutha kuvala zazitali. Mukayamba kukwera, nsalu imatereretsa.

Tsiku lophunzira musadzole Vaseline, glycerine kapena mafuta aliwonse, ngakhale m'mawa pamene muphunzire madzulo. Mafuta amabisala pakhungu n'kutuluka ndi thukuta. Dzolani mukamaliza ndi kusamba. Komanso khungu lotuwa kwambiri, monga la mu Juni ndi Julaye, nalo limaterera, choncho musasiyiretu kudzola masiku ena onse. Vulani mphete, zibangili ndi wotchi, zimakanda mzati ndiponso zimatsina chala. Pukutani mzati ndi kansalu koviika mu sipiriti musanayambe ndi pakati pa maphunziro. Wa powder coat ndi wa silicone tsatirani zomwe alemba opanga. Mzati wozizira umaterera, choncho uyambeni ndi kuyenda mozungulira kuti utenthe.

Zothandizira kugwira zilipo: mankhwala a Dry Hands komanso choko chamadzi zimaumitsa thukuta la m'manja, pomwe iTac2, yopangidwa ndi phula la njuchi, imamatitsa miyendo. Dontho limodzi lakwana. Mukachulutsa zimaundana pa mzati n'kuyamba kutereretsa, ndipo pozungulira dzanja likamata kwambiri limatuluka matuza.

Kaphunziridwe

Kawiri kapena katatu pa sabata, mphindi 45 mpaka ola, ndi tsiku lopumula pakati. Minofu imalimba msanga kuposa mitsempha ya m'mapewa, m'zigongono ndi m'mikono, ndipo ambiri amavulala pamene akumva mphamvu koma mfundo za thupi zisanakhwime. Mphindi 10 zoyamba tenthetsani thupi: kudumpha, kuzunguza mapewa, mikono, chiuno ndi khosi. Kudziwongola kwa nthawi yaitali kusungireni kumapeto.

Phunziro lalikulu kuposa onse ndi phewa. Mukagwira mzati pamwamba pa mutu, musalendewere ngati thumba pa msomali, khutu litamira m'phewa. Kokerani fupa la phewa pansi ndi kumbuyo pang'ono, ngati mukufuna kukokera mzati pansi, pakhale mpata pakati pa khutu ndi phewa. Kulendewera pa phewa lolefuka, makamaka ndi dzanja limodzi pozungulira, ndiko kumang'amba timinofu tomwe timasunga mutu wa fupa la mkono m'malo mwake.

Yambani ndi kuyenda mozungulira mzati, dzanja la m'kati lili pamwamba, mukuyenda ndi zala za kumapazi, thupi litapendekera kunja. Kenaka pirouette, kutembenuka pansi pa dzanja lanu lomwe. Kuzungulira koyamba ndi fireman spin: pondani ndi mwendo wa m'kati, ponyani wakunja mozungulira, ikani dzanja lachiwiri pa mzati molingana ndi chifuwa, mzati ukhale pakati pa akakolo ndi mawondo, mutsike pang'onopang'ono. Musadumphire mzati. Liwiro limachokera ku mwendo woponyedwa kutali, osati ku kudumpha. Zikakhazikika, onjezerani mitundu ina ya kuzungulira monga front hook, back hook ndi chair spin. Chilichonse chitani kasanu kumanja, kasanu kumanzere, ngakhale mbali inayo ikuoneka yopusa. Chizungulire chikakugwirani, zungulirani mbali ina kamodzi kapena khalani pansi.

Pole sit, kukhala pa mzati mutaufinya ndi ntchafu, imapweteka, ndipo palibe mankhwala ake kupatula kubwereza. Pendekerani chiuno mbali imodzi kuti khungu ligwire, gwirani masekondi asanu, tsikani. Pokwera, ikani msongolo wa mwendo umodzi kuseri kwa mzati, mwendo wina kutsogolo, finyani ndi mawondo, kankhani ndi mkono wa m'munsi kuti chifuwa chisamatirire mzati, imirirani ndi miyendo. Amene amakwera ndi manja okha amatopa pa sitepe yachiwiri ndipo amatuluka mikwingwirima pamwamba pa phazi. Mikwingwirima ya m'ntchafu ndi m'misongolo ndi yachizolowezi ndipo imachepa. Ululu wobaya m'phewa, m'chigongono kapena m'nthiti, kapena dzanzi m'zala, si wachizolowezi: siyani, ndipo ukapitirira masiku angapo kaonaneni ndi dokotala kapena wa fiziyo.

Kutembenuka chadodolido, komwe amati invert, ndiko aliyense amakufuna, ndipo ndiko kumagwetsa anthu ndi mutu. Musakuyese musanathe izi: kuima pambali pa mzati, mzati uli m'khwapa, manja onse awiri atagwira molingana ndi nkhope, n'kukweza mawondo kufika pachifuwa kasanu ndi katatu osadumpha, mbali zonse ziwiri. Phunzirani kaye kaikidwe ka miyendo mutagona chagada pansi pa tsinde la mzati. Kudziponya ndi mwendo kuti mufike pamwamba kumakoka minofu ya pakati pa nthiti ndi msana, komanso mumafika musakudziwa potsikira. Poyesa koyamba pakhale matiresi ndi munthu wina woima pambali, manja ake ali pafupi ndi chiuno ndi mapewa anu. Mukayamba kuterera muli chadodolido, ikani chibwano pachifuwa, mutsikire pa mapewa ndi msana, osati pamutu.

Mavidiyo a pa YouTube amathandiza, koma sankhani mphunzitsi mmodzi wokhala ndi maphunziro otsatana kuyambira pachiyambi, osati kutola kuno ndi uko zomwe zakukomerani m'maso. Imikani foni pambali muzidzijambula, chifukwa phewa lomwe mukuganiza kuti lili pansi nthawi zambiri limaoneka lili kukhutu. Nsapato zazitali za gogoda zidikire mpaka mutazolowera kutera bwino opanda nsapato. Ndipo ngati m'nyumba muli ana, tsekani chitseko cha chipindacho kapena tsekani loko wa mzati usazungulire mukamaliza.